Kwa Mlongo Wanga Kumapiri a Ntchisi: Mwanayo Amalize Nkhani Yake

Mlongo wanga,

 Kachewere munatumiza pa minibasi uja anafika kuno ku Mponela, ndipo ana akuthokoza. Koma pamodzi ndi thumbalo panabweranso kakalata kopindapinda kochokera kwa mphwanga, chisamba wanu uja, kondidandaulira kuti mwamulanda buku lomwe amawerenga, komanso memori khadi yomwe anabenetsapo filimu ya bukulo. Akuti amayi ena a kumpingo anakunong'onezani kuti Harry Potter ndi sukulu ya ufiti, ndipo mwana akamaliza buku lachisanu ndi chiwiri ndiye kuti wakhwima basi. Ndayankha poyera chifukwa si inu nokha mayi amene wamva zimenezi. Komanso mwanayu ndi mbumba yanga, ndiye pakamwa panga pali ndi malo pankhaniyi, ngakhale woweruza ndinu.

Mantha anu sindikuwaseka. Tinakulira nyumba imodzi, ndipo ndikukumbukira mmene tinkathawira kadzidzi akalira patsindwi. Munthu amene anamvapo za malichero ouluka usiku ndi ana ophunzitsidwa kutamba sangaone pachikuto cha buku mwana atanyamula kandodo ka matsenga n'kungoti zili bwino. Chimene ndikupempha n'chakuti mudziwe kaye zimene zili m'katimo, chifukwa amayi amene anakuuzaniwo ndikukayika ngati anatsegulako tsamba limodzi.

Mabukuwa analemba ndi mayi wa ku Britain, J.K. Rowling. Loyamba linatuluka mu 1997, lomaliza, Harry Potter and the Deathly Hallows, mu July 2007. Mabuku ndi asanu ndi awiri koma mafilimu ndi asanu ndi atatu, chifukwa buku lomalizali analigawa pawiri: gawo loyamba linaonetsedwa mu November 2010, lachiwiri mu July 2011, onse motsogozedwa ndi David Yates. Gawo lachiwirilo ndi limene lili pa memori khadi yomwe mwasungayo. Ndi lalifupi kuposa mafilimu ena onse, maola awiri ndi mphindi khumi, koma linapanga ndalama zoposa madola 1.3 biliyoni. Daniel Radcliffe anasankhidwa kukhala Harry ali ndi zaka 11, ndipo pofika filimu yomalizayi anali bambo wometa ndevu. Anthu ambiri amene analira m'nyumba za kanema chaka chimenecho ankalirira ubwana wawo, poti anakula limodzi ndi ana a m'filimuwo.

Nkhani yake ndi iyi. Pali munthu woipa, dzina lake Voldemort, amene amaopa imfa kuposa china chilichonse. Kuti asafe, anang'amba mzimu wake n'kubisa zidutswa zake m'zinthu zosiyanasiyana: mphete, chikho, kabuku, mkanda wa m'khosi, chisoti chachifumu, ngakhale njoka yake. Ndipo chidutswa chilichonse chinkafuna kuti aphe munthu. Mlongo wanga, kodi zimenezi n'zachilendo kwa ife? Si zomwezi timamva za anthu okhwima, oti anapereka m'bale wawo kuti chigayo chiziyenda, kapena oti akadwala mwakayakaya mzimu sutuluka mpaka wina atachotsa chithumwa chimene anasomeka kudenga? Kaya zimachitikadi kaya ndi zokamba chabe, tonse timadziwa mbali imene nkhani zotere zimaima. Bukuli laima mbali yomweyo. Kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, wokhwimayo ndiye mdani, ndipo buku lomalizali ndi ulendo wa Harry ndi anzake awiri wofunafuna zithumwa zakezo kuti aziphwanye.

Ndiye muone amene akumugonjetsa. Ine ndinaonera filimuyi ndikuyembekeza kuti apambana ndi amene ali ndi ndodo yamphamvu, koma nkhondo yonse yagona pa amayi atatu. Woyamba ndi Lily, mayi ake a Harry, amene anaima pakati pa wakuphayo ndi khanda lake, n'kufa. Imfa imeneyo ndiyo inatchinjiriza mwanayo zaka zonse. Wachiwiri ndi Molly Weasley, mayi wa ana asanu ndi awiri, wovala zakale, woluka majuzi, amene m'mabuku onse ntchito yake ndi kuphika ndi kukalipira ana. Usiku wa nkhondoyo wataya kale mwana wamwamuna, Fred, ndipo ataona mkazi wankhanza Bellatrix akulunjika mwana wake wamkazi, akankha aliyense n'kulimbana naye yekha mpaka kumugwetsa. Nditafika pamenepo ndinaganiza za inu tsiku lija munathamangitsa galu wolusa ndi mtengo wa m'khola mwana ali kumbuyo.

Wachitatu ndiye amandigwira mtima kwambiri, chifukwa ndi wa mbali ya adani. Harry wapita yekha m'nkhalango kukadzipereka kuti anzake asapitirire kufa. Voldemort wamukantha, iye wagwa pansi. Voldemort akufuna kutsimikiza kuti wafadi, ndipo amene akukaona ndi Narcissa Malfoy, mkazi wonyada wa banja lolemera. Iye awerama, aona kuti mnyamatayo akupuma, ndipo m'malo mofuula amunong'oneza funso limodzi lokha, ngati mwana wake Draco akadali moyo. Atadziwa kuti ali moyo, adzuka n'kunamiza mbuye wake pamaso pa gulu lonse kuti Harry wafa. Sanachite zimenezi chifukwa chokonda chilungamo ayi. Ankangofuna njira yolowera kusukulu kumene kunali nkhondoyo kuti akatenge mwana wake. Munthu amene anaopseza dziko lonse anagwa chifukwa sanaganizepo kuti mayi angamuike mwana wake patsogolo pa iye.

Palinso Neville, mnyamata woleredwa ndi agogo ake, woiwalaiwala, amene aliyense ankamuseka. Ndiye amene akudula mutu wa njoka ija. Za mphunzitsi Snape, amene ankasewera ndi Alan Rickman yemwe anamwalira mu January 2016, sindinena zambiri. Mwanayo sanafikepo, ndipo akamva kwa ine sadzandikhululukira. Ngakhale zimene ndaululazi musamuuze.

Tsopano ndikuuzeni chifukwa chake ndikufuna muyambe mwamubwezera buku, filimu pambuyo. Filimuyi ndi yabwino, koma penapake inasankha zokometsera maso n'kutaya nzeru. M'buku, Voldemort akufa pakati pa holo ya sukuluyo, anthu onse akuona, ndipo thupi lake likugwa pansi ngati la munthu wina aliyense, n'kukaliika m'chipinda china pambali. Uko ndiye kumuvula ulemu wonse: munthu amene anapha anthu kuti asafe wasanduka mtembo wamba. M'filimu anamuchititsa kuti anyenyeke n'kuuluka ndi mphepo ngati phulusa, pabwalo pomwe panalibe khamu. Zokongola, inde, koma zamusiyira chinsinsi chimene sanayenere kukhala nacho. Kwathu kuno timadziwa kufunika koti mudzi uone maliro ndi maso, apo ayi mphekesera sizitha.

Chimodzimodzi ndi ndodo yamphamvu ija imene onse ankaifuna. M'filimu Harry angoithyola n'kuiponya kuphompho. M'buku ayamba waigwiritsa ntchito kamodzi kokha, kulumikizira kandodo kake kakale komwe kanathyoka, kenako anena kuti aibwezera kumanda kwa Dumbledore, yemwe anali mphunzitsi wamkulu wa sukuluyo, kumene inabedwa. Ine ndimakonda za m'bukuzo, zobwezera akufa zinthu zawo. Ndiponso filimu inangodutsa mothamanga pa mbiri ya Dumbledore ndi mlongo wake Ariana, mtsikana wodwala amene anafa pa mkangano wa m'nyumba pamene mchimwene wakeyo ankalota za ulamuliro. Gawo limenelo ndinaliwerenga ngati munthu amene ali ndi mlongo, ndipo silinandisiye bwino.

Kusintha nkhani kotere sikuchitika kwa azungu okha. Mukukumbukira William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, mtunda wosatalika kuchokera kuno? Anasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, n'kumakawerenga mulaibulale yaing'ono, komwe anapeza buku lotchedwa Using Energy. Anapanga makina a mphepo ndi mitengo ya bulugama, njinga yakutha ndi zitsulo zotola. Buku la moyo wake, lomwe analemba ndi Bryan Mealer, linatuluka mu 2009, ndipo Chiwetel Ejiofor analisandutsa filimu yomwe inaonetsedwa pa Netflix mu 2019. Anaijambula konkuno, Lily Banda ali momwemo, ngakhale Chichewa cha osewera ena ochokera kunja chimachititsa munthu kumwetulira. Filimuyo imathera pa makinawo akupopa madzi othirira mbewu pakati pa njala, pamene zoona zake n'zakuti makina oyambawo ankayatsa mababu m'nyumba, zopopa madzi zinabwera patapita zaka. Koma chimene chikukhudza kalata ino chili m'buku: mvula itavutanso, anthu ena analoza makina a mnyamatayo kuti ndiwo akuthamangitsa mitambo, kuti ndi za ufiti. Mwana wowerenga mabuku amene anthu sakuwamvetsa sachedwa kulozedwa chala. Lero tonse timamunyadira.

Apa ndiye pagona mantha anga enieni, ndipo ndi osiyana ndi anuwo. Ine sindinamvepo za mwana wa ku Dowa kapena ku Ntchisi amene anauluka chifukwa cha filimu. Koma ndamva, ndipo inunso mwamva, za agogo amene anawotcheredwa nyumba chifukwa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri anaumirizidwa kunena kuti amamutenga usiku. Mu January 2016, ku Neno, anthu anayi okalamba anaphedwa ndi khamu mtsikana wina atafa ndi mphezi. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma kwa zaka zambiri omwe ankathera kundende anali onenedwawo, mpaka anthu ngati George Thindwa anayamba kuwamenyera nkhondo. Ndiye taganizirani: mawu oti mwana wa uje akuwerenga za ufiti akangoyenda pachitsime masiku awiri, tsiku lachitatu mwana wa mnzanu akadwala malungo, anthu ayang'ana khomo la yani? Mukamulanda bukulo ndi nkhope ya mantha, mwavomereza kwa mudzi wonse kuti m'nyumba mwanu munali chinthu. Mukamusiya aliwerenge pakhonde masana dzuwa likuswa mtengo, ndi buku la Chingerezi basi, lomwe limuthandize pa mayeso a MSCE.

Chodabwitsa n'chakuti bukuli likukamba zomwezi. Adani atalanda boma, akhazikitsa bwalo loweruza anthu obadwa kwa makolo wamba, kuwanena kuti mphamvu zawo anachita kuba. Mu gawo loyamba la filimu muli mayi wina atakhala pampando pakati pa bwalolo, akunjenjemera, akufunsidwa mafunso omwe yankho lake oweruza anagamula kale. Kaya avomere kaya akane, mlandu wamugwera. Mwana amene waonera zimenezo n'kumva chisoni, mawa sadzatola mwala anthu akamathamangitsa nkhalamba.

Ndiponso tisadziiwalitse kumene tachokera. Agogo aakazi ankatiuza chiyani madzulo tikukazinga chimanga? Za Kamdothi, mwana woumbidwa ndi dothi amene ankathawa mvula. Za zilombo zomeza mudzi wonse, za fisi wokwatira mtsikana atavala khungu la munthu, za mbalame zoimba n'kuulula wakupha. Tinkagona tikunjenjemera, ndipo m'mawa tinkapita ku Sande sukulu bwinobwino. Palibe anatilanda agogowo. Chimene chimandiwawa n'chakuti nthano zimenezo sitinazisandutse mabuku akuluakulu oti mwana n'kumalimbirana ndi mnzake, kapena mafilimu. Shemu Joyah anaonetsa ndi Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat kuti Mmalawi angathe kupanga filimu yolemekezeka kunja, koma nkhalango ya Ntchisi ndi nkhungu zake ikudikirabe woilembera nkhani. Amene adzalembe ndi mwana ngati wanuyu, amene wamaliza mabuku asanu ndi limodzi a Chingerezi ndi tochi ya pafoni.

Sindikunena kuti muonetse filimuyi kwa ana onse. Muli imfa zambiri, muli njoka, ndipo ang'onoang'ono aja alota zoopsa. Iwo akagone. Koma wamkuluyu ali Fomu 3, ndipo maliro enieni wawaona kale.

Ndiye tichite chonchi. Mupatseni bukulo sabata ino, ali ndi masabata atatu sukulu isanatsegulidwe. Kumapeto kwa mwezi ndikalandira ndibwera ndi laputopu ndi batire ya sola, ndidzatsikira pa boma n'kukwera kabaza. Tidzaonera pamodzi, inu, alamu ndi ine, ndipo mwanayo azidzatimasulira m'Chichewa monga amachitira anyamata a mavidiyo kumsika, koma iye asadzawonjezeremo zake. Muitanenso amayi a kumpingo aja, mpando ndidzawasungira kutsogolo. Pomwe mudzaone kuti pakuphunzitsa choipa mudzaimitse filimuyo, ndipo ine ndidzamvera. Munene ngati mukufuna ndidzatengeko shuga ndi mafuta ophikira, kuno mtengo wake ulikobe bwino kusiyana ndi kwanuko.

Ndine mlongo wanu,
Malume wa anawo, ku Mponela