Phunziro la Mapazi pa Msika wa Lizulu

Pa Lizulu, m'boma la Ntcheu, msewu waukulu ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique. M'mbali mwake mwaunjikana kabichi, tomato ndi mpiru. Pamenepa ndinacheza ndi mayi wina wogulitsa masamba amene ali ndi matenda a shuga. Nsima yawo ndi yamgaiwa, mtanda umodzi, masamba ambiri. Mankhwala sadumphitsa ngakhale akupeza bwino.

Madzulo aliwonse amatsuka mapazi, kuwapukuta, n'kuyang'ana pakati pa zala. Matendawa amachititsa dzanzi: munga ukalasa, munthu samva, ndipo kachilonda konyalanyazidwa kangadulitse mwendo. N'chifukwa chake mayiwa sapita kudimba osavala nsapato.

Alimi anzanga, amene amatifikitsa kumunda ndi mapazi. Tiwasamale.