THEBULO LA AMBUYE ANGA

Kwathu ndi ku Kafue, m'mbali mwa mtsinje waukulu, kum'mwera kwa Lusaka. Pa mtsinjewo pali ulalo wa njanji wotalika mamita 427, umene anatsiriza kumanga m'caka ca 1906. Njanji imeneyo ndiyo inatipatsa thebulo la m'nyumba mwathu.

Pamene ndinali mwana wa sukulu, ndinali kucita manyazi ndi nyumba yathu. Anzanga ena, amene atate ao anali kugwira nchito m'mafakitale, anali ndi mipando yawofuwofu yogula ku sitolo. Ife tinalibe. Tsiku lina aphunzitsi anati adzafika kwathu kudzaona makolo anga. Mtima wanga unagunda, ndipo ndinaganiza zowanamiza kuti amai adwala.

Ambuye anga aamuna, amene anali mmisiri wa matabwa, anaona kuti ndakhala ndwii. Nditawauza, anaseka nati, "Mdzukulu wanga, mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo. Bwera, undigwirire sowo."

Kuseri kwa nyumba kunali mitanda iwiri yakale yoyalapo njanji, imene iwo anagula atailekeza nchito. Inali yakuda bii, yong'aluka, ndiponso yokhala ndi mabowo a zitsulo. Ine ndinati ndi nkhuni cabe. Koma ambuye anaiceka, naipala, ndipo m'kati mwace munaoneka thabwa lofiirira lokongola kwambiri. Anandiuza kuti mtengowo dzina lace ndi mukusi, umene umamera m'dziko la mcenga kumadzulo. Kale anthu anali kuuceka ku Mulobezi ndi kuutumiza pa sitima ku Livingstone. Ndi mtengo wolimba, ndipo ciswe cimaulephera.

Ndinapempha kuti titseke mabowo aja. Ambuye anakana. "Mabowo awa ndiwo mbiri ya thebulo," anatero. "Sitima zapita pamwamba pace zaka zambiri. Ukawabisa, latsala thabwa wamba."

Thebulo litatha, sanalekere pomwepo. Amai anayala mphasa yatsopano ya bango la kumtsinje. Ambuye anapacika nkhafi yao yakale ya bwato pakhoma, moipingasa, osati moimika. Ndinafuna kukhomapo zithunzi zambiri, koma anandiletsa nati khoma nalonso lifuna kupuma. Potsiriza anatenga mono wophera nsomba, nautsuka, naupacika mozinga nyale ya magetsi, kutali ndi galasi kuti ungapse. Titayatsa, zithunzithunzi za mono zinagwa pakhoma ponse ngati ukonde. Cipinda cinaoneka ngati tiri pansi pa madzi a Kafue!

Aphunzitsi anafika madzulo. Atalonjerana ndi makolo anga, anakhala cete, maso ali pamwamba. Kenaka anasisita thebulo, nalowetsa cala m'bowo limodzi, nafunsa kuti, "Kodi bambo, zimenezi munazigula kuti?" Ambuye anayankha kuti, "Funsani mwana wanu wa sukuluyu, pakuti anagwira nane sowo." Pamenepo manyazi anga anatha, koma m'malo mwace munalowa manyazi ena, pokumbukira bodza limene ndinafuna kunena.

Ambuye anamwalira kale. Mipando yawofuwofu imene tinagula pambuyo pace inang'ambika, ndipo tinaitaya. Thebulo lija liripo mpaka lero, ndipo ana anga amalemberapo nchito zao za sukulu.

Tsono, ana inu, yang'anani bwino zinthu zimene ziri pakhomo panu: mtondo wosweka, licero lakale, kapena citsa ca mtengo. Musanazitaye pamoto, yambani mwadzifunsa kuti, "Kodi m'kati mwa cinthu ici mwabisala ciani?"