Kompyuta Ikamagamula za Osauka

Tikamakambirana za maphunziro apamwamba, ambiri a ife timatchula udokotala kapena zamalamulo. Sabata ino tiyeni tilingalire za ntchito ina, ya mphunzitsi wa pa yunivesite wofufuza momwe boma limagwiritsira ntchito makompyuta pogamula za anthu ake.

Mayi Virginia Eubanks, katswiri wa maphunziro a zandale pa University at Albany ku America, anasankha njira imeneyi. M'buku lawo la 2018, Automating Inequality, akufotokoza zomwe zinachitika m'chigawo cha Indiana. Mu 2006 boma lakumeneko linalemba ntchito makampani otsogoleredwa ndi IBM kuti makompyuta azithandiza kusefa anthu opempha chakudya ndi chithandizo cha kuchipatala. M'zaka zitatu, mapempho oposa 1 miliyoni anakanidwa. Chikalata chimodzi chikangosowa, banja linkatha kutaya chithandizo chonse. Mu 2009 bwanamkubwa Mitch Daniels anathetsa mgwirizano ndi IBM.

Lero makina amaphunzira kugamula kuchokera m'zolembedwa zakale. Zolembazo zikakhala ndi tsankho, nawonso amatengera tsankholo. Mpake kuti pakhale anthu odziwa masamu a kompyuta pamodzi ndi kayendetsedwe ka boma, otha kufunsa kuti: wokanidwayu akadandaule kwa yani?

Ntchito yotere imalira kuleza mtima kwa zaka zambiri, komatu pakati pathu pompano alipo ena amene angaisenze. Posankha maphunziro, abale ndi alongo, tisaiwale munthu amene waima kumapeto kwa mzere.