Kuchokera ku Kanyama Kukafika Patsinde pa Sapitwa

Ife a ku Kanyama phiri timangolimva. Komboni yathu inagona pamalo athyathyathya pamwamba pa thanthwe, n'chifukwa chake mvula ikagwa madzi amasowa kolowera nakhazikika m'makomo mwathu. Mabuku amati Lusaka ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, koma miyendo yathu sidziwa zimenezo, pakuti chitunda chachikulu chimene imakwera ndicho masitepe a nyumba zosanja za mu Cairo Road.

Amene anayambitsa nkhani ya phiri ndi mwana wa mlongo wanga, yemwe ndi namwino. Iye anali atawerenga za Saray Khumalo, mayi wobadwira m'Zambia muno nakakhala ku South Africa, amene pa 16 Meyi 2019 anakhala mkazi wakuda woyamba wa mu Africa kuima pansonga ya Everest, mamita 8,849. "Amalume," anatero mwanayo, "ngati mnzathu anafika kumeneko, ife tingalephere Mulanje?" Motero mu Julayi 2022 tinanyamuka anthu asanu: ine, mlamu wanga, namwinoyo ndi anyamata awiri a pabanja pathu. Tinadzera mu Great East Road, kuoloka Luangwa, kutulukira pa Mwami, ndipo tsiku lachiwiri madzulo tinali pa Likhubula, phiri litatiphimbira theka la thambo.

Pa ofesi ya zankhalango pamenepo ndi pamene alendo amalembetsa ndi kupeza namulondola ndi onyamula katundu. Ine ndinafuna kupulumutsa ndalama ponena kuti zikwama tisenza tokha, koma anzanga anandigonjetsa, ndipo tinatenga namulondola mmodzi ndi onyamula awiri. Namulondolayo, bambo wochepa thupi ndi wosachuluka mawu, anatikhazika pansi tisanaponde phazi, nagawa ntchito. Iye adzakhala patsogolo ndipo palibe womupitirira. Mmodzi wa onyamula adzatsogola ndi ufa ndi miphika kukakonza pogona. Winayo adzakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo palibe wotsalira kuseri kwake. Namwino asunge mankhwala ndi kuyang'ana nkhope zathu popuma paliponse. Anyamata aziona kuti mabotolo a madzi sauma. Ine, amene ndinaphunzitsa sukulu zaka 28 ndi kuzolowera kumveredwa, anandipatsa thumba la ndalama ndi machesi.

Onyamula katundu aja ndinayamba kuwamvetsa pachitunda choyamba chopita ku Chambe. Ife tinali kupuma wefuwefu ndi tizikwama tathu ta m'manja, iwo nakwera ngati akupita kumunda, wina atavala patapata. Anandikumbutsa anyamata okankha wilibala pa msika wa Soweto, amene timakangana nawo mtengo osayang'ana n'komwe nkhope zawo. Chaka ndi chaka pa Mulanje pamachitika mpikisano wotchedwa Porters' Race, wa makilomita opitirira 20, kukwera ndi kutsika, ndipo opambana amatha m'maola awiri ndi mphindi zowerengeka. Ife mbali imodzi yokha ya njirayo inatidyera tsiku.

Paphiripo pali tinyumba togona alendo, ndipo kalikonse kali ndi mlonda wake amene amatema nkhuni, kutunga madzi ndi kusonkha moto. Usiku wachiwiri tinagona ku Chisepo, patsinde penipeni pa Sapitwa. Tikuotha moto, namwino anatisimbira mmene ntchito zimagawidwira ku Everest, ndipo namulondola anamvetsera mwachidwi ngati munthu womva za abale ake akutali.

Kumeneko, anatero, ulendo umatenga masabata angapo, chifukwa pansonga mpweya umene munthu amakoka umangokhala gawo limodzi mwa atatu la umene amakoka m'mbali mwa nyanja, ndipo thupi liyenera kuzolowera pang'onopang'ono. Pali mtsogoleri wa gulu amene amasankha tsiku lokwera ndi anthu okwera. Pali mkulu wa antchito a mtundu wa Sherpa, wotchedwa sirdar. Pali ophika, dokotala, ndi wokhala pa wailesi kumsasa wapansi amene amatsata za nyengo. Ndiponso pali kagulu kamene kamalowa koyamba m'chigwa cha ayezi cha Khumbu kukayala makwerero pamwamba pa maphompho ndi kumanga zingwe, ndipo kamabwererako kawirikawiri chifukwa ayeziyo amayenda. Dziko limakumbukira Edmund Hillary ndi Tenzing Norgay, amene anafika pansonga pa 29 Meyi 1953, koma pambuyo pawo panali onyamula katundu mazanamazana, ndipo mtsogoleri wawo John Hunt anasenza katundu kufika naye pamwamba ndithu, natsika osaiponda nsongayo.

Mtengo wa ntchito zimenezi sugwera onse mofanana. Pa 18 Epulo 2014 chigumukire cha ayezi chinapha antchito 16 a ku Nepal mu Khumbu, ali paulendo wokakonzera alendo misasa. Saray Khumalo anali paphiripo chaka chimenecho ndipo anabwerera kwawo. Mu 2015 chinamubweza ndi chivomezi. Mu 2017 anabwerera nsonga ili pafupi. Anafika paulendo wachinayi. Ine ndinamva zonsezi, koma kunena zoona ndinazimva ngati nthano ya pamoto. Sapitwa ndi mamita 3,002 chabe, alibe ayezi, safuna mabotolo a mpweya.

M'mawa tinayamba kukwera kusanache bwino. Njira ya Sapitwa si njira kwenikweni: ndi matanthwe otsetsereka okwera ndi manja, timitengo tokola zovala, ndi mipata ya pakati pa miyala yodutsa chokwawa. Patapita maola awiri mlamu wanga anayamba kutsalira. Anati ali bwino, monga amanenera amuna, koma wonyamula wa kumbuyo uja anaimba likhweru, ndipo namwino atamuyang'ana anapeza kuti mutu ukumuwawa, wasanza kale kuseri kwa mwala ndipo manja ake azizira. Nthawi yomweyo namulondola anali kuyang'ana kum'mwera, kumene kamtambo koyera kanali kukwawa m'chigwa.

"Abambo, tibwerere. Chiperoni icho," anatero.

Ndikuchita manyazi kulemba zimene ndinayankha. Ndinamukumbutsa mtunda umene tinayenda, ndalama zimene tinalipira, ndi kuti thumba lili ndi ine. Ndinati wodwalayo atsike ndi wonyamula, ife tipitirire. Iye anandilola kumaliza, kenaka anati, "Thumba ndi lanu, abambo, koma njira ndi yanga. Ndikagawa gulu pawiri m'nkhungu, theka lina likhala lopanda maso." Anawonjeza kuti mu 2009 mnyamata wina wa ku Brazil anasiya namulondola wake nakwera yekha, nyengo inasintha, ndipo mtembo wake unapezeka patapita masabata opitirira awiri. Safunsa anadya phula, ndinaganiza motero, komabe mtima unali kuwira.

Nkhunguyo inatipeza tisanafike theka la njira yotsika. Sindinaonepo chinthu chotere. Munthu wa patsogolo pako amasanduka chithunzithunzi, thanthwe limanyowa ndi kuterera, ndipo kumtunda ndi kumunsi kokha ndiko umadziwa. Namulondola anatiuza kuti tiziitanizana maina motsatana, kuyambira iye mpaka wa kumbuyo, ndipo liwu lotsiriza likamveka ndi pamene tinali kusuntha. Wonyamula uja anatsika chafutambuyo malo onse ovuta, akugwira mapazi a mlamu wanga ndi kuwaika popondera limodzi ndi limodzi. Titayandikira Chisepo tinamva fungo la utsi tisanaione nyumba: mlonda ataona nyengo anali atakoleza moto waukulu ndi kutereka madzi a tiyi.

Tsiku lotsatira kunacha kowala. Namulondola anati atenga anyamata awiri okha ndi wonyamula mmodzi. Namwino atsale ndi wodwala, ndipo ine ndikhale nawo kuti pakavuta pakhale wotumidwa. Sindinatsutse. Ndinakhala pakhonde ndi machesi anga, ndikuthandiza mlonda kuwaza nkhuni ndi kuwerenga maola, kufikira dzuwa litapendeka pamene timadontho tinayi tinaoneka pathanthwe.

Chithunzi cha tsikulo chili pakhoma m'nyumba mwanga ku Kanyama. Alendo akafunsa ngati tinafika pamwamba, ndimawalozera anyamata awiri aja ataima pa chipilala cha pansonga, mitambo ili kunsi kwawo. Wonyamula katundu akuoneka phewa lokha m'mphepete. Namulondola mulibemo, pakuti ndiye anagwira foni.