Kugogoda kwa Pansi pa Galimoto

Amalume anali ndi Peugeot 504 yoyera m'zaka za m'ma 1980, ndipo ikayamba kuyenda chokhota ankaitengera kwa mdala wina wokonza galimoto pansi pa mtengo wa mango ku Ndirande. Ine ndinkapita nawo kukagwira masipanala. Mdalayo sankathamangira kutsegula boneti. Ankayamba wazungulira galimoto, akusisita tayala lililonse ndi chikhatho. Likadyeka m'mphepete mwa mkati mokha, ankadziwa kuti miyendo yasiya kuloza kumodzi. Likakhala ndi timaenje todumphadumpha, ankati shoki yaleka kuligwira ndipo likungonjanja pamsewu. Akatero ankakanikiza ngodya imodzi ya galimoto ndi thupi lonse n'kuisiya. Ikadzuka kamodzi n'kukhazikika, ankapita pa ngodya ina. Ikavina kawiri katatu, ankangoti, "Achimwene, iyi yatha."

Chimene ndinkachikonda chinali cha pa jeke. Tayala likalendewera, ankaligwira pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Likagwedera, vuto linali bolojointi kapena bering'i. Kenako ankaligwira kumanzere ndi kumanja, kufufuza tayirodi. Zonsezi ankachita atatsinzina, khutu lili pafupi ndi chitsulo.

Lero ndimayendetsa Toyota Corolla ya 2004, imodzi mwa galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan zimene zimatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno pa Songwe. Chaka chatha inayamba kukokera kumanzere. Pa msewu wa M1, m'makhota a pakati pa Ntcheu ndi Dedza, inkayendera mbali ngati bwato pa mafunde, ndikaponda buleki mphuno inkagwada, ndipo pa hampu iliyonse pansi pake pankamveka gugu. Ku galaja mnyamata wina waulemu analumikiza kamakina kake kunsi kwa chiwongolero, n'kuwerenga, n'kunena kuti, "Bwana, palibe vuto lililonse."

Sananame. Kamakinako kamafunsa kompyuta ya galimoto, ndipo kompyutayo imadziwa za injini, za ABS ndi za ma airbag, chifukwa kumeneko kuli mawaya. Bolojointi ya Corolla ilibe waya. Bushi ya labala ikang'ambika palibe nyali imayaka. Anandipangira alayimenti, ndinalipira, koma pasanathe mwezi galimoto inayambanso kukoka, poti mabushi otha sangasunge mwendo pamalo pamene makina auika.

Sindikunena kuti kale zonse zinali bwino. Mdala uja akasowa bushi ankaisema kuchokera ku tayala lakutha, ndipo amalume ankabwereranso dzinja lisanathe. Alayimenti ankayeza ndi chingwe. Masiku ano zida za Toyota zimapezeka mosavuta, ndipo makina oyezera miyendo amalondola kuposa diso la munthu aliyense. Izi ndimaziyamikira. Chimene chimandipweteka n'chakuti manja ayamba kuiwalika, pamene misewu yathu yokumbikakumbika imadya mashoki ndi mabushi msanga kuposa ya ku Japan kumene galimotozi zinachokera.

Ndipo kutha kwake kumabwera mwakachetechete. Woyendetsa amazolowera, dzanja limaphunzira kukankhira chiwongolero kumanja iye osazindikira, mpaka kuyamba kuyesa kuti galimoto yakale imayenda choncho basi. Komatu tayala lonjanja siligwira msewu mokwanira, choncho buleki imachedwa kuimitsa galimoto, makamaka mvula ikagwa. Bolojointi ikaduka, tayala limagona chammbali pompo. Aliyense woyenda m'misewu yathu anaonapo galimoto itagwada m'mbali mwa msewu, mwendo umodzi utapindikira kunja, nthambi zamasamba zitayalidwa kumbuyo kwake kuchenjeza ena.

Loweruka lina m'mawa ndinayamba ndi kuyeza mpweya m'matayala onse, poti tayala lophwa limakokanso galimoto. Unali wokwanira. Ndinaitana mwana wanga wamkazi, tinaika miyala kumatayala akumbuyo, n'kukweza jeke. Shoki yakumanzere inali yonyowa mafuta, fumbi litamatirira. Sabata yotsatira ndinasinthitsa mashoki onse awiri akutsogolo, chifukwa sasintha imodzi yokha, pamodzi ndi mabushi ndi tayirodi, alayimenti n'kubwera pomaliza. Koma tsikulo ndisanatsitse jeke ndinaika manja a mwanayo pa tayala, lina kumanzere lina kumanja, n'kumuuza kuti agwedeze pang'onopang'ono. Anagwedeza, n'kuima, n'kugwedezanso atapendeketsa mutu.

"Ababa, likugogoda mkatimu."