NYUMBA YA KU CALEDON

M'mwezi wa June 1968, m'mudzi wa Caledon ku Northern Ireland, khonsolo inapatsa nyumba mtsikana wosakwatiwa wa zaka 19, Mprotestanti. Mabanja a Akatolika okhala ndi ana, amene anayembekeza nthawi yaitali, anawalumpha. Phungu wa nyumba ya malamulo, Bambo Austin Currie, analowa m'nyumbamo nakhala pansi kufikira apolisi anadzamtulutsa.

Kumeneko nyumba inali voti. Pa masankho a makhonsolo anali kuvota ndi mwini nyumba, kapena wolipira lendi, pamodzi ndi mkazi wace. Mwana wamkulu wogona kwa makolo analibe mau. Tsono kupatsa Mkatolika kiyi kunali kumpatsanso mphamvu yosankha. Mumzinda wa Derry, mmene Akatolika anali oculuka, malire a zigawo anawadula mocenjera kotero kuti Aprotestanti a cipani ca Unionist anali ndi makhansala 12, mbali inayo 8 okha.

Olamulira sanasowe zifukwa. Pamene cisumbu ca Ireland cinagawidwa mu 1921, cigawo ca kumpoto cinatsalira m'manja mwa Britain, ndipo Akatolika ambiri sanakondwere nazo. Cifukwa ca ici anachedwa osakhulupirika ku boma. Mu 1933 Sir Basil Brooke, amene pambuyo pace anakhala nduna yaikulu zaka 20, anauza khamu kuti iye analibe Mkatolika ndi mmodzi yemwe pa nchito kwace, nalangiza anzace kulemba Aprotestanti. Caka cotsatira nduna yaikulu, James Craig, anati poti kumwera amanyadira dziko la Cikatolika, iwonso anyadira boma la Ciprotestanti.

Mantha awo sanali ongopeka, pakuti gulu la mfuti la IRA linalikodi, ndipo malamulo a kumwera a 1937 anati cisumbu conse ncawo. Koma mayi wogona ndi ana m'cipinda cimodzi sanapemphe kusuntha malire a dziko, anapempha denga. Ndipo munthu womanidwa nchito, nyumba ndi voti angalikonde bwanji boma lomlanda zimenezo? Akadandaula, olamulira amati: mwaona, si uja tinanena.

Mu August 1968 anthu anayenda ulendo woyamba wofuna ufulu, kucokera ku Coalisland kunka ku Dungannon. Lamulo la mavoti linasinthidwa kumapeto kwa 1969, nyumba zitapsa kale ku Belfast.