Dzina la Wogona m'Chikwa

Mwana wina wa m'sukulu mwathu anadza ndi chikwa pa kamtengo, natifunsa dzina la wogona m'katimo. Tinachita manyazi, abale. Mbozi tiidziwa, gulugufe timdziwa, koma liwu lathu lakuti chikwa litchula nyumba yokha, osati mwini wake.

Agiriki anati chrysalis, potengera liwu lawo la golide, pakuti zina zili ndi madontho onyezimira. Linnaeus wa ku Sweden, m'chaka cha 1758, anasankha liwu la Chilatini, pupa, ndilo chidole. Ajeremani nawonso ati Puppe. Ife dzinali silitikondweretsa konse, pakuti chidole chilibe moyo, koma uyu mukamkhudza agwedezeka.

Mwanayo anafuna kung'amba chikwacho kuti aone. Tinamletsa, ndi kuchiika pazenera. Tsopano ana afika m'mamawa belu lisanalire.